David Clement Scott

David Clement Scott (1853 – Okutobala 1907), amene pambuyo pake ankalemba dzina lake kuti David Clement Ruffelle Scott, anali m'busa wa mpingo wa Church of Scotland, katswiri wa chinenero cha Chimang'anja, womasulira Baibulo komanso mkonzi ndi wofalitsa mabuku. Anatsogolera mishoni ya Blantyre kuyambira 1881 mpaka 1898, m'masiku a Mfumukazi Victoria ya ku Britain. Ku Malawi amakumbukiridwa kwambiri pa zinthu zitatu: tchalitchi cha St Michael and All Angels chimene anamanga pamodzi ndi amisiri a kuno, mtanthauziramawu wamkulu wa Chimang'anja wa mu 1892, ndi magazini ya mwezi ndi mwezi yotchedwa Life and Work in British Central Africa, imene inayamba kutuluka boma la atsamunda lisanakhazikike. Kudzera m'magaziniyi Scott ankadzudzula msonkho, kulanda malo ndi nkhondo za boma, ndipo ankalimbikira kunena kuti anthu akuda ayenera kutsogolera mpingo wawo. Maganizo amenewa anamudanitsa ndi akuluakulu a boma, azungu a m'maesiteti ndiponso ena a mumpingo wake womwe.

Ubwana ndi banja

Scott anabadwira mumzinda wa Edinburgh ku Scotland mu 1853. Anaphunzira pa Royal High School ndipo kenako pa yunivesite ya Edinburgh, kumene anachita maphunziro a zaumulungu. Anadzozedwa ubusa mu 1881, chaka chomwe ananyamuka kubwera ku Africa ali ndi zaka 28.

Anakwatira Isabella Bowie, yemwe ambiri ankamutchula kuti Bella. Banja la Bowie linalowa kwambiri m'mbiri ya mishoni ya Blantyre. Harriet, m'bale wake wa Bella, anakwatiwa ndi Henry Henderson, amene anasankha malo a mishoniyo, ndipo mlongo wawo John Bowie anadzakhala dokotala pamalo pomwepo. Mng'ono wake wa Scott, William Affleck Scott, yemwe anali dokotala komanso m'busa, nayenso anadzamutsatira. Choncho kumapeto kwa zaka za m'ma 1880 atsogoleri ambiri a mishoniyi anali pachibale kapena pachilamu.

Mishoni ya Blantyre Scott asanafike

David Livingstone atamwalira mu 1873, mipingo iwiri ya ku Scotland inaganiza zotsegula mishoni m'dera la nyanja ya Malawi pomukumbukira. Free Church of Scotland inayambitsa Livingstonia ku Cape Maclear mu 1875. Church of Scotland inatuma Henry Henderson, amene mothandizidwa ndi womasulira wake Tom Bokwito anapeza malo m'dera la Mfumu Kapeni, pakati pa mapiri a Ndirande, Soche ndi Michiru. Mishoni inakhazikitsidwa mu Okutobala 1876 ndipo anaitcha Blantyre potengera dzina la mudzi umene Livingstone anabadwira.

Zaka zoyambirira sizinayende bwino. M'derali munalibe boma lachizungu, malonda a akapolo anali pachimake, ndipo anthu othawa ukapolo ankadzabisala pamishoni. Amishoni ena amene sanali abusa anadzisandutsa oweruza milandu. Ankakwapula anthu oganiziridwa kuti aba, munthu wina anafa atakwapulidwa, ndipo mu 1879 munthu woganiziridwa kuti anapha mnzake anawomberedwa ndi mfuti. Mlendo wina wochokera ku Australia, Andrew Chirnside, anaulula nkhanzazi m'kabuku kamene kanatuluka ku London mu 1880. Mpingo unatuma Dr James Rankin ndi Alexander Pringle kuti adzafufuze, ndipo zotsatira zake zinali zakuti mtsogoleri wa mishoni, m'busa Duff MacDonald, anachotsedwa pamodzi ndi John Buchanan ndi George Fenwick. Scott anatumidwa kudzayambanso ntchito pamalo pamene mbiri yake inali itaipa kale, ku Scotland ngakhalenso pakati pa mafumu oyandikana nawo.

Zaka zoyamba ku Blantyre

Scott anafika kumapeto kwa 1881 ndi lamulo lochokera kwawo lakuti amishoni asadzaweruzenso milandu ya anthu. Iye anatsatira lamuloli, koma sanadzipatule kwa anthu. Anaphunzira Chimang'anja msanga ndipo anayamba kukhala nawo pamabwalo a milandu ya mafumu a Chiyao ndi a Makololo a kuchigwa cha Shire. Anachita chidwi ndi momwe mlandu unkayendera: mbali iliyonse imapatsidwa mpata wolankhula, nkhani imatafunidwa kwa nthawi yaitali, ndipo cholinga chimakhala kubwezeretsa mtendere osati kungolanga. Mikangano ya pakati pa mishoni ndi midzi ankaitengera ku bwalo lotere, iye nkukhala ngati mmodzi wa olankhula. Njira yomweyi anadzaigwiritsanso ntchito poyendetsa mpingo.

Mu 1884, pamene Angoni a Maseko ankawoloka Shire kudzathira nkhondo m'midzi ya kumapiri, Scott anayenda ulendo wokaonana ndi Inkosi Chikuse. Nkhondo itafika chaka chomwecho, Angoni sanakhudze mishoni, ndipo anthu ambiri anapulumukira pamenepo. Zimenezi zinakweza ulemu wa mishoni pakati pa mafumu. Ntchito inayambanso kufalikira. Alexander Hetherwick, amene anafika mu 1883, anatsegula Domasi mu 1884, ndipo Mulanje inatsegulidwa mu 1890.

Nyumba yosindikizira mabuku

Amishoni a ku Scotland ankakhulupirira kuti Mkhristu ayenera kudziwerengera yekha Malemba. Pachifukwa chimenechi sukulu inkayendera limodzi ndi tchalitchi, ndipo sukulu singayende popanda mabuku. Kuitanitsa buku kuchokera ku Britain kunkatenga miyezi. Katundu ankafika padoko la Quelimane, nkukwera ndi mitsinje ya Zambezi ndi Shire mpaka kwa Katunga, kenako amtengatenga nkumusenza pamutu kukwera naye mapiri mpaka ku Blantyre. Komanso ku Britain kunalibe amene akanawongolera zolakwika m'mawu a Chimang'anja kapena Chiyao. Njira yabwino inali kusindikiza pompano.

M'nthawi ya Scott kusindikiza kunakhala imodzi mwa ntchito zamanja zimene achinyamata ankaphunzira pamishoni, pamodzi ndi ukalipentala, zomangamanga ndi ulimi wa kudimba. Ntchitoyi inali yofuna kudekha. Wosindikiza ankatola zilembo zachitsulo chimodzichimodzi m'timabokosi, nkuzisanja chobwerera m'mbuyo mpaka mzere udzaze, mizere nkupanga tsamba. Akamanga tsambalo, ankalipaka inki nkulipanikiza papepala ndi makina oyendetsa pamanja. Akamaliza ankabwezera chilembo chilichonse m'malo mwake kuti chidzagwirenso ntchito patsamba lina. Mwa njira imeneyi munkatuluka timabuku tophunzitsira kuwerenga, nyimbo, makatekisimu, mapemphero ndi zigawo za Baibulo.

Munthu wodziwika kwambiri pa ntchitoyi anali Mungo Murray Chisuse. Scott anamutenga kupita naye ku Scotland mu 1885 akadali mnyamata, ndipo mu 1897 Chisuse anabwereranso ku Edinburgh kukaonjezera luso la kusindikiza. Anadzakhala woyang'anira nyumba yosindikizira ya mishoni kwa zaka zambiri, komanso mmodzi mwa Amalawi oyamba kujambula zithunzi ndi kamera. Zina mwa zithunzi za John Chilembwe ndi banja lake zimene zimaoneka m'mabuku a mbiri anajambula ndi iyeyo.

Mu 1888 mishoni inayamba kutulutsa Life and Work in British Central Africa. Dzinali linachokera ku magazini ya mpingo wa kwawo, Life and Work, imene Archibald Charteris anayambitsa ku Edinburgh mu 1879. Magazini ya ku Blantyre inali ya m'Chingerezi, ya masamba ochepa, ndipo nkhani zambiri ankalemba ndi Scott mwini wake ndi Hetherwick. Munkakhala nkhani za sukulu, maubatizo, matenda, nyengo, alendo odutsa, malonda a akapolo ndi ndemanga pa ndale za m'derali. Makope ena ankapita ku Scotland, kumene akuluakulu a mpingo ndi anthu andale ankawerenga. Apa ndi pamene panagona mphamvu yake, chifukwa nkhani yolembedwa ku Blantyre inkatha kufika m'makutu a nduna za ku London. Magaziniyi inayamba kale kuposa British Central Africa Gazette ya boma, imene inayamba ku Zomba mu 1894, ndi Central African Planter ya azungu a m'maesiteti, imene inayamba mu 1895. Kwa owerenga Chimang'anja, mishoni inkatulutsa kanyuzipepala kotchedwa Kalilole.

Mtanthauziramawu wa mu 1892

Buku lalikulu la Scott ndi A Cyclopaedic Dictionary of the Mang'anja Language, limene linasindikizidwa ku Edinburgh mu 1892 ndi komiti ya mpingo yoona za mishoni. Lili ndi masamba opitirira 700 ndipo linatenga zaka pafupifupi khumi kuti lithe. Silinali mndandanda wamba wa mawu ndi matanthauzo ake. Pansi pa liwu limodzi Scott ankaika ziganizo zimene anamva anthu akulankhula, miyambi, ndagi, ndi mafotokozedwe a momwe chinthucho chimachitikira. Pa mawu okhudza mlandu, ukwati, maliro, mwavi, ulimi, kusula zitsulo, misampha, magule kapena masewera a ana, wowerenga amapeza nkhani yonse ya mwambowo. Ndi chifukwa chake bukuli limawerengedwa ngati nkhokwe ya moyo wa Amang'anja a m'zaka za m'ma 1880.

Scott sanalembe bukuli ngati munthu wothandiza chinenero chosauka. M'nthawi imene azungu ambiri ankati zinenero za mu Africa n'zoperewera, iye ankanena kuti Chimang'anja chili ndi dongosolo, ndi chokoma, ndipo chingathe kunyamula maganizo ozama ngati chinenero china chilichonse. Ankapereka chidwi chapadera ku mawu ofanizira kamvekedwe ndi kaonekedwe ka zinthu, monga mbuu, phwii kapena zii, amene ndi ovuta kuwamasulira m'Chingerezi. Mawu ndi zitsanzo zonsezi anazimva kwa aphunzitsi, ophunzira, akuluakulu a m'midzi ndi antchito a pamishoni, ngakhale kuti pachikuto panalembedwa dzina lake lokha, monga zinkachitikira masiku amenewo.

Mu 1929 Hetherwick anakonzanso bukuli nkulitulutsa ndi dzina lakuti Dictionary of the Nyanja Language, ataonjezera mawu ochokera m'madera ena olankhula Chinyanja. Linasindikizidwanso kangapo ndipo kwa zaka zambiri linali mtanthauziramawu wodalirika kwa aphunzitsi, omasulira ndi ogwira ntchito m'boma ku Nyasaland ndi Northern Rhodesia.

Kupatula mtanthauziramawu, Scott anamasulira Mauthenga Abwino ndi mabuku ena a Chipangano Chatsopano m'Chimang'anja m'zaka za m'ma 1890. Nthawi yomweyo Hetherwick ankamasulira m'Chiyao, pamene Robert Laws wa ku Livingstonia anali atamaliza kale Chipangano Chatsopano m'Chinyanja cha kunyanja mu 1886.

Tchalitchi cha St Michael and All Angels

Scott sanaphunzirepo zomangamanga, koma ndiye anaganiza kamangidwe ka tchalitchi chachikulu cha pamishoni ya Blantyre. Ntchito inayamba mu 1888 ndipo nyumbayo inapatulidwa pa 10 Meyi 1891. Panalibe mapulani athunthu ojambulidwa papepala. Mbali iliyonse ankayamba aiyeseza posanja njerwa popanda matope, akaona kuti yakhala bwino nkuimanga. Njerwa zinaumbidwa ndi kuwotchedwa pamalo pomwepo ndi dothi la komweko, ndipo zikombole zake zinasemedwa ndi mitengo m'maonekedwe osiyanasiyana okwana 81. Amisiri oumba, owotcha ndi omanga anali anthu a m'deralo amene anaphunzira ntchitoyo ikuchitika.

Kwa Scott nyumbayi inali umboni wa zimene ankalalikira, zoti anthu a kuno angathe kuchita ntchito yapamwamba ngati wina aliyense. Ena ku Scotland ankaona kuti ndi yokongoletsedwa mopitirira muyeso kwa mpingo wa Chipresibeteriyani. Tchalitchichi chikugwirabe ntchito pansi pa Sinodi ya Blantyre ya CCAP ndipo ndi chimodzi mwa zipilala zotetezedwa za dziko la Malawi.

Chaka chomwe tchalitchi chinatha chinali cha maliro m'banja la Scott. Kumayambiriro kwa 1891 matenda a pakhosi otchedwa diphtheria anapha mwana wa Henderson, mayi wake Harriet, ndi Dr John Bowie amene anatenga matendawo poyesa kupulumutsa mwanayo. Henderson nayenso anamwalira ku Quelimane ali paulendo wobwerera kwawo.

Madikoni asanu ndi awiri

Scott ankafuna mpingo umodzi wa mu Africa, wosagawika potengera khungu kapena mayina a mipingo ya ku Ulaya, umene azungu ndi anthu akuda adzadyera mgonero pagome limodzi. Ankati amishoni ndi alendo ndipo tsiku lina utsogoleri udzakhala m'manja mwa eni dziko. Pofuna kuyamba zimenezi, mu Novembala 1894 anapatula madikoni asanu ndi awiri: John Macrae Chipuliko, Mungo Chisuse, Thomas Mpeni, James Gray Kamlinje, James Auldearn Mwembe, Harry Kambwiri Matecheta ndi John Gray Kufa. Ankakumana nawo kawirikawiri kuwaphunzitsa, ndipo milandu ya mumpingo ankaikamba nawo limodzi monga zimakhalira pabwalo la mfumu. Ena anawatuma kukayambitsa ntchito kutali popanda mzungu wowalondalonda tsiku ndi tsiku. Matecheta anagwira ntchito pakati pa Angoni ku Nthumbi m'boma la Ntcheu, ndipo Kufa, amene anaphunzira zachipatala, anapita kwa Alhomwe ku Mozambique.

Amishoni ena sanakondwe nazo. Ankadandaula kuti Scott amamvera madikoni akuda kuposa azungu anzake, ndipo ena anakana kugwira ntchito pamalo pamene munthu wakuda ali ndi udindo wofanana nawo.

Mkangano ndi boma la atsamunda

Pa nkhani ya ndale mbiri ya Scott ili ndi mbali ziwiri. M'zaka za m'ma 1880 Apwitikizi ankafuna kutenga mapiri a Shire. Scott ndi Hetherwick analemba kwambiri kupempha kuti Britain iteteze deralo, poopa kuti ulamuliro wa Apwitikizi udzatseka mishoni ndi kulekerera malonda a akapolo. Mu 1889 abusa ndi akulu ampingo oposa 11,000 a ku Scotland anasaina chikalata chopita kwa nduna yaikulu Lord Salisbury, ndipo mu Januwale 1890 Britain inalamula Portugal kuti ichotse asilikali ake. Mu Meyi 1891 dziko linalengezedwa kuti lili pansi pa chitetezo cha Britain, ndipo Harry Johnston anakhala mkulu woyamba wa boma.

Pasanapite nthawi, anthu omwe anaitana boma aja anasanduka olitsutsa. Scott ankayembekezera boma lolamulira pamodzi ndi mafumu, koma anaona boma lolamulira ndi mfuti. Life and Work inayamba kudzudzula msonkho, ponena kuti ndi wokwera ndipo mafumu sanafunsidwe moyenera. Inadzudzula kuwotcha midzi ndi nkhokwe za anthu olephera kukhoma msonkho. Inafunsa ngati nkhondo zonse zimene Johnston ankamenya ndi mafumu a Chiyao zinalidi zothetsa ukapolo. Inadandaulanso ndi zikalata za umwini wa malo zimene Johnston anayamba kupereka mu 1892, zimene zinaika malo aakulu a m'mapiri a Shire m'manja mwa azungu ochepa. Chimene Scott ankaopa kwambiri chinali chakuti dzikoli lingaperekedwe kwa kampani ya Cecil Rhodes, British South Africa Company, imene inkathandiza kulipira ndalama zoyendetsera boma la Johnston. Ankaona kuti zikatero anthu akuda adzasanduka antchito chabe m'dziko lawo, monga zinkachitikira kummwera kwa Zambezi.

Johnston anakwiya nazo ndipo analemba madandaulo ku London onena kuti amishoni a ku Blantyre akusokoneza boma. Azungu a m'maesiteti nawonso anapeza mawu awo mu Central African Planter, imene mmodzi mwa oiyambitsa anali R. S. Hynde, yemwe kale anali mphunzitsi wa mishoni yomweyo. Nyuzipepala imeneyi ndi imene inadzasintha mayina kukhala Central African Times, kenako Nyasaland Times, ndipo lero ndi Daily Times. Choncho mkangano woyamba wa m'manyuzipepala m'dziko muno unali pa funso la malo, msonkho ndi udindo wa munthu wakuda.

Kuchoka ku Blantyre

Mu 1895 Scott anataya mkazi wake Bella komanso mng'ono wake William. Thanzi lake nalo linali litafooka ndi malungo. Nthawi yomweyo madandaulo anachuluka ku Scotland. Ena ankati mapemphero a ku Blantyre, okhala ndi kwaya yovala mikanjo yoyera ndi mapemphero owerenga m'buku, akufanana kwambiri ndi a Anglican. Ena ankati Scott amalamulira yekha ndipo sasamala ndalama za mishoni. Mmodzi mwa otsutsa kwambiri anali Dr Rankin yemwe uja anadzafufuza nkhanza za mu 1879. Mu 1897 mpingo unakhazikitsa bungwe lofufuza. Bungwelo silinapeze mlandu waukulu pa Scott, koma kumukhulupirira kunali kutachepa ndipo ndalama zothandizira mishoni zinavuta. Anachoka ku Blantyre mu 1898 ndipo Hetherwick analowa m'malo mwake.

Atachoka, dongosolo la madikoni linalowedwa m'malo ndi mabwalo a mpingo a mtundu wa ku Scotland. Panapita zaka 13 kuti Blantyre idzoze abusa ake oyamba akuda, Harry Kambwiri Matecheta ndi Stephen Kundecha, mu 1911. John Gray Kufa anaphedwa ndi boma mu 1915 pomuganizira kuti anali mmodzi wa atsogoleri a kuukira kwa Chilembwe.

Ku Kenya ndi imfa yake

Mu 1901 mpingo unatuma Scott kukatsogolera mishoni ya Kikuyu ku Thogoto, pafupi ndi Nairobi. Anali atakwatiranso Edith Ruffelle, amene anamwalira mu 1902, ndipo pomukumbukira Scott anaonjezera dzina lakuti Ruffelle pa dzina lake. Ku Kikuyu anatenga malo okwana maekala pafupifupi 3,000 kuti mishoni izidzidalira ndi ulimi, koma ulimi wa mbatatesi umene anayesa unalephera nkusiya ngongole. Olemba mbiri amaona kuti apa anachita chinthu chofanana ndi chimene ankadzudzula ku Blantyre, popeza malowo anali a Akikuyu. Anamwalira ku Kikuyu mu Okutobala 1907 ali ndi zaka 54. Atatsala pang'ono kumwalira anabatiza Philip Karanja, Mkikuyu woyamba kubatizidwa pamishoniyo.

Zimene anasiya

Nyumba yosindikizira ya ku Blantyre inapitirira ndipo inadzatchedwa Hetherwick Press. Kumeneko ndi kumene kunasindikizidwa, mu 1951, buku la Matecheta lofotokoza chiyambi cha mishoni ya Blantyre, limodzi mwa mabuku oyamba a mbiri olembedwa ndi Mmalawi m'chinenero chake.

Ntchito ya chinenero imene Scott anayamba kummwera inadzakumana ndi ya m'chigawo chapakati. Amishoni a Dutch Reformed Church ochokera ku Cape anatsegula Mvera mu 1889 ndi Nkhoma, m'boma la Lilongwe, mu 1896. Mu 1900 mamishoni anagwirizana zomasulira Baibulo limodzi lomveka kwa Amang'anja, Anyanja ndi Achewa. Ntchito yaikulu anaigwira William Hoppe Murray wa ku Mvera ndi Nkhoma pamodzi ndi aphunzitsi achikuda, ndipo Hetherwick ankaimira Blantyre. Baibulo lathunthu, Buku Lopatulika, linatuluka mu 1922. Ngakhale kunabwera Malembo Oyera a Akatolika mu 1966 ndi Buku Loyera mu 1998, Buku Lopatulika likuwerengedwabe Lamulungu lililonse m'matchalitchi ambiri, kuphatikizapo a m'makomboni a mumzinda wa Lilongwe monga Kawale, Biwi, Area 23 ndi Area 25. Mwambo wakuti mishoni ikhale ndi makina akeake osindikizira unafikanso m'chigawochi kudzera ku Nkhoma Press ndi Likuni Press ya Akatolika, imene ili kufupi ndi Chinsapo.

Loto lake la mpingo umodzi linakwaniritsidwa pang'ono chabe. Mu 1924 Blantyre ndi Livingstonia anaphatikizana kupanga Church of Central Africa Presbyterian, ndipo Nkhoma inalowa mu 1926. Uwu unali mgwirizano wa Apresibeteriyani okha, ndipo masinodi ake akhala akusemphana pa nkhani ya malire mpaka m'zaka zaposachedwa.

Chinenero chimene Scott anachilemba ngati Chimang'anja ndi Hetherwick ngati Chinyanja chinatchedwa Chichewa mu 1968, pamene chinasankhidwa kukhala chinenero cha dziko. Mtanthauziramawu woyamba wofotokoza mawu a Chichewa m'Chichewa momwe unatuluka mu 2000 kuchokera ku Centre for Language Studies ya Yunivesite ya Malawi, patapita zaka 108 chitulukire buku la Scott.

Olemba mbiri saona Scott mofanana. Andrew C. Ross, amene anali m'busa m'Sinodi ya Blantyre nthawi ya ufulu wodzilamulira, analemba mu buku lake la mu 1996, Blantyre Mission and the Making of Modern Malawi, kuti maganizo a Scott anathandiza kubzala mbewu ya mtima wofuna kudzilamulira pakati pa ophunzira a mishoni. Harri Englund, katswiri wa zachikhalidwe amene anachita kafukufuku kwa nthawi yaitali ku Chinsapo mumzinda wa Lilongwe, anatulutsa buku lonena za Scott mu 2022 lotchedwa Visions for Racial Equality, limene limaonetsa momwe kuphunzira Chimang'anja kunaumbira maganizo ake pa kufanana kwa mitundu. Ena amakumbutsa kuti Scott yemweyo anathandiza kuitana ulamuliro wa Britain, ankakhulupirira kuti chitukuko chachikhristu cha ku Ulaya chiyenera kufalikira, ndipo ulamuliro womaliza pamishoni unali m'manja mwake. Makope a Life and Work amene anasungidwa ku Malawi ndi ku Edinburgh ndi amodzi mwa maumboni ochepa olembedwa panthawiyo onena za zaka zoyamba za utsamunda kuchokera kwa anthu amene sanali a boma.